Kuyeza kukula kwa vuto la kupuma mwa ana obadwa masiku asanakwane

KWEKWE, Zimbabwe. Mwana akabadwa masiku asanakwane, funso loyamba limene namwino kapena mzamba ayenera kuyankha ndi lokhudza kapumidwe kake. Ambiri mwa ana obadwa msanga amapuma movutikira m'maola oyambirira. Ena amapeza bwino akangofunditsidwa ndi kuyang'aniridwa, ena amafunika mpweya wa okosijeni, pamene ena amafunika makina owathandiza kupuma, ndipo makinawo akachedwa amatha kumwalira masiku atatu asanathe. Ntchito yosiyanitsa magulu atatuwa imayamba ndi maso, makutu ndi wotchi. Nkhani ino ikulongosola zizindikiro zimene zimayang'anidwa, m'mene zimawerengedwera, ndi chifukwa chake kuyezako kumayenera kubwerezedwa.

Chifukwa chake nkhaniyi ikhudza madera a migodi

Gaika ndi mgodi wakale wa golide womwe uli m'mphepete mwa mzinda wa Kwekwe, m'chigawo cha Midlands. Monga m'matauni ena a migodi m'chigawochi, kuphatikizapo Redcliff, Shurugwi ndi Zvishavane, kuno kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'nthawi ya atsamunda, ndipo Chichewa chimamvekabe m'makomo ena. Mayi wa kuderali, kapena wa ku Amaveni ndi ku Mbizo, matenda akamuyamba ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, amafikira pa kiliniki kapena pa chipatala cha Kwekwe General. Chipatala cha chigawo chili ku Gweru, mtunda wa makilomita pafupifupi 60, ndipo zipatala zikuluzikulu za ku Harare ndi ku Bulawayo zili kutali ndi makilomita oposa 200. Pa mtunda wotere, kuganiza zotumiza mwana patsogolo kapena kumusunga pomwe ali ndi chigamulo cholemera, ndipo chimadalira pa kudziwa ngati vuto lake ndi laling'ono, lapakatikati kapena lalikulu.

Mwana amatchedwa wobadwa masiku asanakwane ngati wabadwa pakati pasanathe masabata 37. Lipoti la Born Too Soon la m'chaka cha 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse, ndi ana pafupifupi 18 obadwa msanga pa ana 100 alionse, ndipo Zimbabwe inali m'gulu la maiko khumi okhudzidwa kwambiri, ndi ana oposa 16 pa 100 alionse. Chiwerengero chomwe mabungwe a United Nations anatulutsa m'chaka cha 2023 chinasonyeza kuti ana 13.4 miliyoni anabadwa msanga padziko lonse m'chaka cha 2020, kutanthauza mwana mmodzi mwa khumi alionse.

Chimene chimachitika m'mapapo

M'mapapo muli timatumba tating'ono kwambiri momwe mpweya umakumana ndi magazi. Kuti timatumbati tisamatirire munthu akatulutsa mpweya, thupi limapanga mafuta oterera otchedwa surfactant. Mwana ali m'mimba amayamba kupanga mafutawa pang'onopang'ono cha m'ma sabata 24, koma amakhala okwanira cha m'ma sabata 34 kapena 35. Mwana wobadwa nthawiyi isanafike amakhala ndi timatumba tomwe timafota nthawi iliyonse akatulutsa mpweya, ndipo amayenera kutifufumitsanso ndi mphamvu zambiri akamakoka mpweya wina. Mary Ellen Avery ndi Jere Mead a ku Harvard ndiwo anasonyeza m'chaka cha 1959 kuti kuperewera kwa mafutawa ndi gwero la nthendayi, yomwe madokotala amaitchula mwachidule kuti RDS.

Nthendayi ili ndi kayendedwe kodziwika. Zizindikiro zimayamba mwana atangobadwa kapena m'maola ochepa oyamba, zimakula m'masiku awiri kapena atatu, kenaka zimayamba kuchepa thupi likayamba kupanga surfactant wake. Choncho mwana amene akuoneka bwinoko pa ola loyamba akhoza kukhala pa ngozi pofika madzulo. Ngakhale m'maiko olemera nthendayi inkapha ana ambiri kale. M'mwezi wa August 1963 inapha Patrick, mwana wa mtsogoleri wa dziko la America, John F. Kennedy, asanathe masiku awiri chibadwire.

Kupuma movutikira sikubwera chifukwa cha RDS yokha. Madzi otsalira m'mapapo mwana atabadwa amachititsa kupuma mofulumira komwe kawirikawiri kumatha pasanadutse masiku atatu. Chibayo, tizirombo tolowa m'magazi, kuzizidwa, kuchepa kwa shuga m'magazi, kuphulika kwa timatumba ta m'mapapo ndiponso zilema za mtima zimaonetsa zizindikiro zofanana. Miyeso imene ikulongosoledwa pansipa imaonetsa kukula kwa vuto. Gwero lake limafufuzidwa padera.

Kuwerenga kapumidwe

Khanda labwinobwino limapuma pakati pa maulendo 30 ndi 60 pa mphindi imodzi. Kuwerenga kumachitika mwana ali chete, kwa mphindi yathunthu, chifukwa makanda sapuma mofanana nthawi zonse, ndipo kuwerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi kumasokeretsa. Nambala ikafika 60 kapena kuposerapo, woyeza amawerenganso kachiwiri asanalembe.

Ana obadwa msanga amakonda kuima kupuma kwa masekondi asanu kapena khumi kenaka n'kuyambiranso paokha, ndipo izi si zoopsa. Choopsa ndi kuima kwa masekondi 20 kapena kuposerapo, kapena kuima kwakufupi komwe kukutsatana ndi kusintha kwa mtundu wa milomo kapena kutsika kwa kugunda kwa mtima pansi pa 100 pa mphindi.

Muyeso wa Silverman ndi Andersen

Muyeso wodziwika kwambiri pa ana obadwa msanga unatuluka m'chaka cha 1956 kuchokera kwa William Silverman ndi Dorothy Andersen a ku Babies Hospital mumzinda wa New York. Iwo ankafufuza ngati nkhungu ya madzi imathandiza ana otere kupuma, ndipo anafunika njira yoti anthu osiyanasiyana aziyezera mwana mofanana. Nkhunguyo inapezeka kuti siyothandiza, koma muyesowo unatsala. Sufuna chipangizo chilichonse kupatula chomvera m'chifuwa. Pali zizindikiro zisanu, ndipo chilichonse chimapatsidwa mapointi 0, 1 kapena 2.

Choyamba ndi kayendedwe ka chifuwa poyerekeza ndi mimba. Ngati zikukwera ndi kutsika limodzi, ndi 0. Ngati chifuwa chikutsalira m'mbuyo pamene mimba ikukwera, ndi 1. Ngati chifuwa chikulowa m'kati pamene mimba ikutukuka, mosinthanasinthana, ndi 2.

Chachiwiri ndi kulowa kwa m'nthiti za m'munsi pokoka mpweya. Ngati palibe, ndi 0. Ngati kukuoneka pang'ono, ndi 1. Ngati kukuoneka kwambiri, ndi 2.

Chachitatu ndi kulowa kwa pamalo pomwe fupa la pakati pa chifuwa limathera, pamwamba penipeni pa mimba. Mapointi ake amaperekedwa monga a nthiti.

Chachinayi ndi kutanuka kwa zibowo za mphuno pokoka mpweya, komwenso kumagawidwa patatu: palibe, pang'ono, kwambiri.

Chachisanu ndi kubuula potulutsa mpweya. Ngati palibe, ndi 0. Ngati kukumveka ndi chipangizo chomvera m'chifuwa chokha, ndi 1. Ngati kukumveka ndi khutu, ndi 2.

Chizindikiro chilichonse chili ndi chifukwa chake. Nthiti za mwana wobadwa msanga ndi zofewa, kotero akamakoka mpweya mwamphamvu m'mapapo ouma, chifuwa chimagonja n'kulowa m'kati. Kubuula kumabwera chifukwa mwanayo akutseka pakhosi pang'ono potulutsa mpweya, pofuna kusunga mpweya wina m'timatumba kuti tisafote. Amayi ena amaganiza kuti mwana akung'ung'udza kapena akulira motsitsa, koma kaphokosoka kakamamveka pa kupuma kulikonse, ndi chizindikiro cha matenda.

Mapointi onse akaphatikizidwa amakhala pakati pa 0 ndi 10. Mosiyana ndi muyeso wa Apgar, womwe azamba amaudziwa bwino, pano nambala yaikulu ikutanthauza kuti zinthu zaipa. Mabuku ambiri ophunzitsira amati 1 mpaka 3 ndi vuto laling'ono, 4 mpaka 6 ndi lapakatikati, ndipo 7 kapena kuposerapo ndi vuto lalikulu, losonyeza kuti mwana watsala pang'ono kulephera kupuma payekha. Zipatala zimasiyana pa nambala yeniyeni yoyambira chithandizo chakutichakuti, ndipo wogwira ntchito amatsata malangizo a chipatala chake.

Muyeso wa Downes

M'chaka cha 1970, John Downes ndi anzake a ku Philadelphia anatulutsa muyeso wina, womwenso uli ndi zizindikiro zisanu ndi mapointi ofika 10. Uwu umasunga kulowa kwa nthiti ndi kubuula, n'kuonjezera zinthu zitatu. China ndi liwiro la kupuma: pansi pa 60 ndi 0, pakati pa 60 ndi 80 ndi 1, ndipo kuposa 80 kapena kuima kupuma ndi 2. China ndi mtundu wa milomo ndi lilime: ngati zikuoneka zabuluu mwana ali pa mpweya wamba ndi 1, ndipo ngati zikadali choncho ngakhale wapatsidwa okosijeni wofika 40 peresenti ndi 2. Chomaliza ndi kamvekedwe ka mpweya polowa m'mapapo, komwe kukhoza kukhala kwabwino, kochepa, kapena kosamveka kwenikweni. Muyeso wa Downes umagwiritsidwa ntchito pa ana obadwa msanga ndi obadwa pa nthawi yake omwe.

Makina oyezera okosijeni m'magazi

Maso okha sakwanira kuona kuchepa kwa okosijeni. Pa mwana wa khungu lakuda, woyeza amayang'ana lilime ndi m'kati mwa milomo, koma ngakhale pamenepo mtundu umasintha mochedwa, okosijeni atatsika kale. Manja ndi mapazi abuluu pa tsiku loyamba, lilime lili bwino, kawirikawiri si vuto. N'chifukwa chake kachipangizo ka pulse oximeter, komwe kamamangidwa pa dzanja lamanja kapena pa phazi, kali kofunika m'chipinda chilichonse cha makanda.

M'mphindi zoyambirira mwana atabadwa nambala imakhala yotsika, ndipo imakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pakati pa 85 ndi 95 peresenti pakatha mphindi khumi. Nthawi imeneyi ikadutsa, nambala yochepera 90 imasonyeza kuti mwana afunika okosijeni. Malangizo ambiri amati mwana wobadwa msanga amene ali pa okosijeni asungidwe pakati pa 90 ndi 95. Malire a pamwambawa ali ndi mbiri yowawa. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, ana zikwizikwi ku America ndi ku Ulaya anachita khungu chifukwa chopatsidwa okosijeni wochuluka mopanda muyeso, ndipo Silverman yemweyo analemba buku la nkhaniyi m'chaka cha 1980. Okosijeni ndi mankhwala, ndipo amaperekedwa moyeza.

Nambala ya pa makina imayendera limodzi ndi mapointi. Mwana akhoza kusonyeza 93 peresenti chikhalirecho akulimbana koopsa kuti aisunge, nthiti zikulowa ndiponso akubuula. Mwana wotere ali pa ngozi ngakhale makina sakulira.

Kubwereza kuyeza

Phindu lenileni la mapointi limaoneka akalembedwa pamodzi ndi nthawi yake. Mwachitsanzo, mwana wobadwa pa masabata 31 akhoza kukhala ndi nthiti zolowa pang'ono, mphuno zotanuka pang'ono ndi kubuula komveka ndi chipangizo chokha pa ola loyamba, zomwe ndi mapointi 3. Patatha maola atatu, chifuwa chayamba kutsalira, nthiti zikulowa kwambiri, pansi pa fupa la pachifuwa pakulowa pang'ono, mphuno zikutanukabe pang'ono, ndipo kubuula kukumveka ndi khutu. Mapointi afika 7. Namwino wolowa usiku akapeza manambala awiriwa pa khadi amadziwa nthawi yomweyo kumene mwanayo akulowera, zomwe mawu oti "akupuma movutikira" sakanamuuza. Manambalawa amathandizanso polankhula pa foni ndi dokotala wa ku chipatala cholandira. M'maola oyambirira, komanso chithandizo chikangosinthidwa, kuyeza kumachitika pafupipafupi.

Pali msampha umodzi umene aphunzitsi a za makanda amachenjeza nawo kwambiri. Mwana akatopa, amasiya kubuula, nthiti sizilowanso kwambiri, ndipo mapointi amatsika. Wosazindikira akhoza kuyesa kuti wachira. Chosiyanitsa ndi thupi lonse: mwana amene akuchira amakhala ndi mphamvu, mtundu wake ndi wabwino, ndipo safunanso okosijeni wambiri. Mwana wotopa amalobodoka, amapuma mwapatalipatali kapena mobefuka, ndipo mtima wake umayamba kugunda pang'onopang'ono. Uyu afunika kuthandizidwa kupuma nthawi yomweyo. Ana aang'ono kwambiri, obadwa asanafike masabata 28, nthawi zina sakhala ndi mphamvu zoonetsera zizindikiro zimenezi kuyambira pachiyambi.

Zimene Malawi anaonjezera

Kuyeza kumakhala ndi phindu ngati pali chochita. Chithandizo chachikulu cha vuto lapakatikati ndi lalikulu ndi makina a CPAP, amene George Gregory wa ku San Francisco anawalongosola pa makanda m'chaka cha 1971. Makinawa amakankha mpweya pang'ono mosalekeza kudzera m'timachubu ta m'mphuno, ndipo potero amachita ntchito yomwe mwana amayesa kuichita pobuula. Mtundu wosavuta umatulutsira mpweya m'botolo la madzi, ndipo kuya kwa chubu m'madzimo, komwe kawirikawiri kumayambira pa masentimita asanu, ndiko kumaika mphamvu ya mpweyawo.

Pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, madokotala ndi anamwino mogwirizana ndi sukulu ya College of Medicine ndi yunivesite ya Rice ya ku Texas anayesa makina otsika mtengo a mtundu umenewu, omwe anapatsidwa dzina la Chichewa loti Pumani. Zotsatira zomwe Kondwani Kawaza ndi anzake anatulutsa m'chaka cha 2014 zinakhudza ana 87. Mwa ana amene anaikidwa pa makinawa, 71 peresenti anatuluka amoyo, poyerekeza ndi 44 peresenti mwa amene analandira okosijeni wa m'mphuno yekha. Makinawa atafalitsidwa m'zipatala za maboma, ana opulumuka anachuluka ndithu, koma osati mofika pa zimene zinaoneka ku Blantyre, ndipo kafukufuku anasonyeza kuti ana ozizidwa ndiwo ankamwalira kwambiri ngakhale ali pa makina.

Ku Blantyre komweko kunatulukanso njira yachidule yothandiza namwino kudziwa mwana woyenera CPAP, yomwe inasindikizidwa m'chaka cha 2015 ndipo imatchedwa TRY, potengera zilembo zoyamba za mawu atatu a Chingerezi. Namwino amafunsa ngati thupi la mwana lili ndi mphamvu, ngati akupuma movutikira, ndiponso ngati mtima ukugunda kuposa 100 pa mphindi. Funso loyamba ndi lachitatu ndi ofunika chifukwa CPAP imathandiza mwana amene akupuma payekha. Mwana wolobodoka, wa mtima wogunda pang'onopang'ono, amayamba wathandizidwa kupuma ndi chikwama chopopera mpweya.

Ku Zimbabwe, njira ina inayamba m'chaka cha 2018 pa chipatala cha Harare Central, chomwe tsopano chimatchedwa Sally Mugabe Central. Pulogalamu ya Neotree, yoikidwa pa tabuleti, imatsogolera wogwira ntchito pa mafunso onse polandira khanda, kuphatikizapo a kapumidwe, n'kusunga mayankho ake. Inafika pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe m'chaka cha 2019, ndi pa chipatala cha chigawo ku Chinhoyi m'chaka cha 2020.

Kutentha, shuga ndi ulendo

Kuzizidwa kumakulitsa vuto la kupuma, choncho mapointi sawerengedwa popanda kuyeza kutentha kwa thupi, komwe kuyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Njira ya kangaroo, yoika mwana pachifuwa cha mayi khungu kukhungu, ili ndi mbiri yaitali ku Zimbabwe. Lipoti la m'chaka cha 1994 lochokera pa chipatala cha mishoni cha Manama, ku Matabeleland South, linasonyeza kuti mwa ana osafika magalamu 1,500, opulumuka anakwera kuchoka pa 10 kufika pa 50 peresenti njirayi itayamba. Kafukufuku wa bungwe la WHO wotuluka m'chaka cha 2021, womwe unachitika ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, anapeza kuti kuyamba kangaroo mwana atangobadwa kunachepetsa imfa kuchoka pa 15.7 kufika pa 12 peresenti. Malangizo a WHO a m'chaka cha 2022 amalimbikitsa kuyamba kangaroo msanga, kupereka CPAP kwa ana obadwa msanga oonetsa zizindikiro za RDS, ndiponso mankhwala a caffeine kwa amene akuima kupuma.

Mwana wopuma mofulumira kwambiri kapena wolowa nthiti sangayamwe popanda kutsamwa. Amapatsidwa mkaka wa mayi wofinya kudzera m'kachubu kopita m'mimba, kapena madzi a shuga a m'mitsempha. Ngati pafunika kumutumiza ku chipatala china, amayamba watenthetsedwa, shuga wake wayezedwa, ndipo amanyamuka ndi okosijeni wokwanira ulendo wonse pamodzi ndi wogwira ntchito wodziwa kupopera mpweya. Mapointi omaliza ndi nthawi yake amalembedwa pa kalata yotumizira. Ngati nthawi ilipo, njira yabwino koposa ndi kutumiza mayi mwana asanabadwe. Jekeseni wa dexamethasone woperekedwa kwa mayi amene akuyembekezeka kubereka pakati pa masabata 24 ndi 34 amafulumizitsa kukhwima kwa mapapo a mwana, bola msinkhu wa pakati udziwike bwino ndipo mayiyo akhale pa chipatala chotha kusamalira mwana wobadwa msanga.

Gawo la mayi ndi achibale

M'zipinda zambiri za makanda namwino mmodzi amayang'anira ana ambiri, ndipo mayi kapena agogo ndiwo amakhala pafupi ndi mwana usana ndi usiku. Safunika kudziwa mapointi. Afunika kudziwa zizindikiro zoitanira namwino mosazengereza: kupuma mofulumira kuposa kale, kulowa kwa nthiti, kubuula, kuima kupuma, lilime kapena milomo kusintha mtundu, kulobodoka, kuzizira kwa thupi, ndi kusiya kuyamwa. Ngati mwana ali pa CPAP, aziona ngati timachubu tili m'mphuno ndiponso ngati madzi a m'botolo akuchita thovu, chifukwa thovu likasiya ndiye kuti mpweya ukuthawira penapake kapena makina aima. Zizindikiro zomwezi zikaoneka mwana atatuluka kale m'chipatala, abwerere naye tsiku lomwelo, ali pachifuwa khungu kukhungu ndiponso wofunditsidwa mutu, osadikira kuti kuche.